Masaya a ku Tinakhuta

M'dziko la Tinakhuta njala inathetsedwa Lachiwiri lina masana, nduna zitangotha kudya. Chaka chimenecho mvula inagwa yaulemu chabe, yongothimitsa fumbi, n'kubwerera kwa eni ake. Chimanga chinafota chisanamasule, ndipo anthu anayamba kudandaula mokweza mpaka phokoso linasokoneza tulo ta Mfumu Mkhutakale Wachitatu. Mfumuyo inaitanitsa nduna zake kulikulu la dziko, mumzinda wa Zonsezilipo, ndipo atakambirana mozama uku akutokosa m'mano, anapeza pamene panagona vuto. Vuto silinali mvula ayi, koma pakamwa pa anthu. Choncho linatuluka lamulo lakuti liwu loti njala lisamvekenso ponena za anthu a mfumu, ndipo wolitchula aziwolotsedwa malire tsiku lomwelo. Moni nayenso anakonzedwa. Anthu akakumana azifunsana kuti, "Mwakhuta bwanji?" ndipo yankho lake linali limodzi lokha: "Takhuta bwino, kaya inu?"

Anthu a ku Tinakhuta ndi omvera, moti liwulo analisiyadi. Koma nkhope zawo zinali zamwano. Pakamwa pakunena kuti takhuta, masaya anali kulowa m'kati ngati dzungu logonera padzuwa. Zimenezi zinawapweteka mtima a Likhutcha, Nduna ya Maonekedwe a Anthu, bambo amene masaya awo ankayamba kufika pamsonkhano iwo eni akadali panjira. Bambowa anaika alonda pachipata cha msika waukulu wa Bweranimawa, aliyense ali ndi kachingwe ka mfundo. Wolowa mumsika ankayezedwa kuchokera kukhutu lino kudutsa pakamwa kukafika kukhutu linalo, ndipo wosafika pamfundo ankatengedwa kukaombera m'manja kubwalo la mfumu mpaka dzuwa kulowa. Kuomba m'manja kumimba kuli pepuu si ntchito yoti n'kuifunira mnzako.

Kuseri kwa nyumba yachifumu, pafupi ndi pomwe ankatayira phulusa, kunali kachipinda ka Dokotala Lufeyo Ngozo. Lufeyo sanali dokotala wa anthu, ndipo abale ake anali asanamukhululukire pa chimenecho. Anamutumiza kukaphunzira kutali, kudziko la Kozizira, akuyembekeza kuti abwera ndi jakisoni, koma iye anabwera ndi tinyama tiwiri m'timakola ta mawaya. Tinyamato ankatitcha mahamusita. Hamusita ndi kanthu kangati mbewa yonenepa, kamchira kosagwirika, koma masaya ake ali ndi matumba ngati a bwampini, moti kamatha kulongedzamo mbewu mpaka mutu kukula kuposa thupi. Boma linamupatsa kachipindako ndi kathumba ka mpendadzuwa kuti alendo akabwera aziona kuti ku Tinakhuta kulinso sayansi. Lufeyo ankakonda zinthu zitatu: kachipinda kakeko, khoti lake loyera, ndi kusafunsidwa maganizo ake pa chilichonse. Kunena mosabisa, munthuyu anali wamantha, ndipo mantha akewo ankawatcha kudekha.

Munthu yekhayo amene ankalowa m'kachipindako osagogoda anali mlongo wake wamkulu, a Nangozo, amene anamulera mayi awo atamwalira. A Nangozowa ankagulitsa malambe ndi bwemba mumsika wa Bweranimawa, ndipo kunyumba kwawo kunali adzukulu atatu ongoyang'ana iwo. Ndi a Nangozo omwewo amene anatcha maina tinyama tija. Kamene kankadya n'kugona anakatcha Nduna, kamene kankangothamanga pagudumu osafika kulikonse anakatcha Wamba.

Tsiku lina anafika zikhatho zili psuu, atachokera koomba m'manja.

"Mwakhuta bwanji, achemwali?" anawalonjera Lufeyo, maso ali kukhomo poopa kuti wina akumvetsera.

"Takhuta mpaka tikuona nyenyezi masana," anayankha a Nangozo, n'kudzigwetsa pampando. "Koma iwe Lufeyo, kanzanga aka katani? Katupa mano?"

Anali kuloza Wamba. Kanyamako kanali pambale ya mpendadzuwa, kakulonga mbewu m'kamwa ndi timanja tonse tiwiri. Masaya atafufuma mpaka m'mapewa kanathamangira pakona, kanakhutula, kanakwirira ndi utuchi, n'kubwereranso kumbale.

Pa nkhani ya tinyama take Lufeyo ankaiwala mantha. "Sikanatupe ayi. Dzulo ndinakachotsera mbale, ndikufuna kuona zimene kachite. Mukuona achemwali, m'mimba mukakhala mopanda kanthu, chifu chimatumiza mthenga m'magazi. Mthengayo amakagogoda pakamalo kena kakang'ono kunsi kwa ubongo, n'kudzutsa timaselo tomwe ntchito yake n'kukuwa kuti chakudya, chakudya! Khoswe akamva mfuu imeneyo amadya mpaka kuphulika. Koma hamusita ayi. Kamadya pang'ono monga mwa masiku onse, kenaka n'kuyamba kututa ndi kubisa."

"Nanga Nduna bwanji sakututa?"

"Ameneyo mbale yake sinasowepo. Mafuta a m'thupi mwake amatumiza mthenga wina wonena kuti zilipo, gona. Amatola kambewu kamodzi, kawiri, basi."

"Ndiye kuti ndinalakwitsa dzina," anatero a Nangozo. "Kanyamaka kali ndi manyazi, pomwe nduna zenizeni zilibe. Nanga mnzangayu, poti mbale yabwerera, asiya liti?"

"Si lero. Mimba imakhuta msanga, koma ubongo sukhulupirira msanga. Katuta mawa, katuta mkuja, ngakhale mbale ikhale yosefukira."

A Nangozo ankangoyang'anitsitsa masaya a Wamba, kenaka anadzigwira awo. Anapisa dzanja m'dengu lawo, n'kutola nthanga zingapo za malambe, n'kuziponya m'kamwa. Anakankhira zina kumanja ndi lilime, zina kumanzere, n'kukadziyang'ana pagalasi la zenera.

"Achemwali, mukutani kodi?"

"Mmmh," anayankha a Nangozo, n'kutuluka ali ndi nkhope ya munthu wochokera kuukwati.

M'mawa mwake mlonda wa kachingwe anawayeza kawiri, chifukwa sanakhulupirire kuti munthu n'kunenepa chotero atagona kamodzi kokha. Sabata isanathe, msika wonse wa Bweranimawa unali utanenepa. Nthanga za malambe, za bwemba, za masau, zimene kale zinkapondedwa ndi mapazi, zinasanduka katundu wosungidwa bwino. Ogulitsa makala, amene anali amphamvu, ankaika nthanga ya mango mbali ino, ina mbali inayo. Vuto linali limodzi: munthu wodzaza m'kamwa sayankhula. Malonda ankachitika ndi zala, mikangano ndi maso, ndipo miseche, imene inali chuma chenicheni cha msikawo, inafa yonse. Mfumu Mkhutakale podutsa pagaleta lake inamva msika uli zii, inaona nkhope zili bwibwibwi, ndipo inagwetsa msozi wa chisangalalo. Inanena kuti m'mbiri yonse ya dziko sikunakhalepo anthu okhuta ndi amtendere chotere, n'kuwaveka a Likhutcha mendulo.

Kenaka kunamveka kuti kukubwera mlendo. Dziko la Kozizira linali ndi chimanga chambiri chofuna kuthandizira anansi, koma maiko opempha analipo angapo, choncho linatuma kazembe wake, mayi Birigita, kuti akaone ndi maso kumene zinthu zathina. Nduna zinakumananso. Mfumu inati chimanga ndi chabwino, koma ulemu wa dziko ndi wokoma kuposa chimanga. A Likhutcha anavomereza mwamphamvu, ndipo palibe anatchula zoti iwo anali ndi nkhokwe zawo kuseri kwa phiri, zimene ankatsegula pang'onopang'ono mtengo ukakwera. Anagwirizana zoti mlendoyo amuonetse msika, aone masaya, abwerere kwawo ndi chimanga chake. Ndipo poti mlendoyo anali wa ku Kozizira, Dokotala Ngozo abwere ndi timbewa take adzamusangalatse.

A Nangozo atamva, anafika kukachipinda kuja, n'kulavulira nthanga zawo m'kansalu kuti ayankhule.

"Lufeyo, mayi ameneyu akangoona masaya athuwa, chimanga chapita."

"Nanga si munayambitsa ndinu, achemwali?"

"Ndinayambitsa ine, eya, pothawa kuomba m'manja. Kodi ndinkadziwa kuti bodza langa lidzadya ana anga omwe?" Mawu awo anatsika. "Kunyumba tikuwiritsa mango aawisi. Mango akatha tikumba zitsa za nthochi. Wamng'ono uja wasiya kulira, ndipo ine mwana wosalira amandiopsa kuposa wolira. Iwe ukayima pafupi ndi mlendoyo, Chizungu chawo umachidziwa. Ukamuuze."

"Ndikanene liwu lija? Pamaso pa mfumu? Andiwolotsa malire, achemwali. Ndikakhala kuti? Nanga tinyamati?"

"Tinyamati!" A Nangozo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinakubereka kumsana ine, ndikuthyola nkhuni. Ndikadadziwa ndikadabereka nkhunizo, iwe n'kukusenza pamutu, mwina nzeru zikadatsikira kumtima."

Anabwezera nthanga m'kamwa n'kutuluka. Lufeyo anatsala atagwira njakata. Ankawakonda achemwali akewo, ndipo mawu aja onena za mwana wosalira anamubaya kwenikweni. Koma ankadzidziwanso yekha: pakamwa pake, pamaso pa mfumu, liwu lija silikanatuluka ngakhale atamukanyanga pakhosi. Anayendayenda m'kachipindako, anavula khoti, analivalanso. Potsiriza anatenga pepala la lamulo lomwe linakhomedwa pachitseko, n'kuliwerenga ngati munthu wofufuza nsabwe mumsoko. Atafika pamawu oti "ponena za anthu a mfumu" anaima. Anacheukira kukakhola ka Wamba, n'kukapepesa chamumtima, ndipo anatulutsamo mbale ya mpendadzuwa pamodzi ndi zonse zimene kanakwirira pakona.

Tsiku la mlendo msika unasesedwa, mitengo inapakidwa laimu, ndipo alonda a kachingwe anabisa zingwe zawo m'matumba. Anthu anaima m'mizere, masaya ali tuu, miyendo ikunjenjemera pansi pa zitenje. Mayi Birigita, mzimayi wamtali wa chipewa chachikulu, yemwe Chichewa anachiphunzira m'buku, anayenda pakati pawo akugwedeza mutu mokhutira.

"Anthu anu ndi onenepa, mfumu," anatero. "Komanso ndi ofatsa kwambiri."

"Munthu wokhuta alibe zonena," anayankha a Likhutcha, mendulo ikuwala pachifuwa.

Pakati pa msika anaika tebulo, ndipo Lufeyo anakhazikapo timakola tiwiri tija. Mayi Birigita anasekerera, n'kunena kuti kwawo ana amaweta tinyama totere m'nyumba. Lufeyo anathira mpendadzuwa m'mbale zonse ziwiri. Nduna anatsegula diso limodzi, anatola kambewu, anakatafuna mwaulesi, n'kubwerera kukagona. Wamba anagwera mbale ngati moto wa lupsa. Posakhalitsa masaya ake anali atafika m'mapewa, ndipo mfumu inaseka chikhakhali mpaka chisoti kupendekeka.

"Mfumu yanga, khutani mpaka kale," anatero Lufeyo, mawu akutuluka mopyapyala. "Ndikupempha nduna zolemekezeka zindithandize. Mwa tinyama tiwiriti, kokhuta ndi kati?"

"Funso lachibwana!" anatero a Likhutcha. "Ndi ako ka masaya. Ngakhale popanda kachingwe zikuoneka."

Nduna zonse zinavomereza, zina mpaka kulumbira.

Pamzere woyamba Lufeyo anaona a Nangozo akumuyang'ana, ndipo maso amenewo anali oopsa kuposa malire. "Pepani, mabwana," anatero. "Kokhuta ndi aka kagonaka. Ako ka masaya kagona ndi njala."

Msika wonse unadzidzimuka, ndipo penapake munthu anameza nthanga n'kuyamba kutsokomola. Alonda anasuntha. A Likhutcha anakuwa kuti, "Walitchula! Mwamva nonse, walitchula!"

"Ndatchula ya kanyama, bwana," anatero Lufeyo msangamsanga. "Lamulo likuti ponena za anthu a mfumu. Aka n'kobwera, n'ka ku Kozizira, kalibe ngakhale mudzi."

Mfumu inayang'ana nduna zake, nduna zinayang'ana pansi. Kumanga munthu pamaso pa mlendo chifukwa cha mbewa ya kwawo kwa mlendoyo sikukanaoneka bwino. "Pitiriza," inatero mfumu monyinyirika.

Ndipo Lufeyo anapitiriza, poti pa nkhani ya tinyama take pakamwa pankayenda pokha. Anafotokoza za mthenga wochokera m'chifu, za kamalo kaja kunsi kwa ubongo, za timaselo tokuwa. Anati kanyama kamene kakudziwa kuti mawa kadya sikavutika n'kunyamula katundu m'kamwa. "Choncho mukaona masaya atafufuma chonchi," anamaliza motero, akuyang'ana kakhola kokha osati munthu aliyense, "musamati apa pali mwanaalirenji. Muziti apa padutsa zovuta, ndipo ubongo ukuopa kuti zibweranso. Ndikunena za mahamusita."

Mayi Birigita anayang'ana Wamba kwa kanthawi. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana khamu lonse lija, masaya mazanamazana ali pamakosi owonda ngati mapesi. Anayandikira a Nangozo, n'kukumbukira moni amene anamuphunzitsa pamalire.

"Mwakhuta bwanji, amayi?"

Tsono moni ku Tinakhuta linali lamulo, ndipo kusayankha unali mlandu. A Nangozo anayang'ana a Likhutcha mwaulemu wonse, ngati kunena kuti ndikungotsata zanu zomwe. Ananjuta, n'kutsegula pakamwa.

"Takhuta bwino, kaya inu?"

Nthanga za malambe zinagwa pansi kuti wayawaya, zina n'kugubudukira pansapato za mlendo. Nkhope ya a Nangozo inaphwa pomwepo, n'kutsala mafupa ndi maso. Mlendoyo analonjera munthu wachiwiri, wachitatu, ndipo aliyense anayankha mwaulemu monga mwa lamulo. Ena kumbuyo sanadikire n'komwe kufunsidwa, anangoyamba kuyankha okha. Msika wonse unamveka ngati matalala padenga la malata, ndipo phokoso litatha, mfumu inapezeka itaima pakati pa anthu amene inali isanawaonepo chiyambire.

"Mfumu," anatero mayi Birigita, atavula chipewa, "chimanga chibwera kuno."

Wina angaganize kuti nkhani inathera pamenepo, koma ameneyo sadziwa nduna za ku Tinakhuta. Mlendo atangowoloka malire, bwalo linakumana. Lufeyo anaitanidwa, ndipo anapita atatsanzika kale tinyama take. Anadabwa kuona a Likhutcha akumulandira ndi manja awiri.

"Mfumu yanga, khutani mpaka kale," anayamba a Likhutcha. "Mnyamatayu watitsegula maso. Sayansi yanena poyera, mlendo ali mboni, kuti masaya aakulu ndi chizindikiro cha kuvutika. Tsono tayang'anani bwalo lino." Anadzisisita tsaya mwachisoni. "Zaka zonsezi ife takhala tikuvutika mwakachetechete, osadziwa. Ndikupempha kuti chimanga chikafika chigawidwe mwa sayansi. Kachingwe kaja kabwerere. Wa masaya aakulu alandire zambiri, wa masaya aang'ono alandire zochepa, poti zaoneka kuti ameneyo ndiye wokhuta."

Nduna zinaombera m'manja, ina mpaka inalira pokumbukira mavuto ake. Lufeyo anayesa kunena kuti mafuta ndi matumba ndi zinthu zosiyana, koma mfumu inamuuza kuti wayankhula mokwanira chaka chino. Lamulo linasindikizidwa, ndipo iye anathamangira kumsika mtima uli m'malere, akuganiza za mwana wosalira uja.

"Achemwali, zonse zapita m'madzi! Ndinu owonda nonse, mulandira gaga. Ndawapatsa ndekha mpeni."

A Nangozo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'nthiti, koyamba chiyambire chaka chimenecho. Anaitana anzawo a malonda n'kuwafotokozera, ndipo nawonso anagwa nako kuseka.

"Iwe Lufeyo, sukulu inakupatsa zambiri koma inakulanda zina," anatero akupukuta misozi. "Akufuna mpikisano wa masaya? Ndi ife? Amayi inu, tatolani nthanga zija musanasese!"

Tsiku logawa, magalimoto a chimanga anaima pabwalo, ndipo nduna zinakhala kutsogolo pamipando, matumba opanda kanthu ataunjikidwa kumbuyo kwawo. Mlonda anayeza a Likhutcha, namanga mfundo pakachingwe, ndipo kunalengezedwa kuti muyeso wa kuvutika ndi umenewo. Kenaka anthu a ku Bweranimawa anayamba kufika. Miyezi yonse ija ya nthanga inali itawamasula khungu, moti tsaya la munthu wamba linkatamuka ngati legeni. A Nangozo anabwera mutu uli ngati chipanda, maso akungosuzumira pamwamba, ndipo kachingwe kanaperewera kufika kukhutu linalo. Mlondayo anachita kulumikiza ndi chingwe cha nsapato yake. Wogulitsa makala wina anachita kulowa cham'mbali pachipata.

A Likhutcha ataona matumba akupita, anatuma munthu kuti awatolere nthanga nawonso. Apa m'pamene anatulukira chinthu chimene Lufeyo ankafuna kuwauza kubwalo kuja: tsaya lonona lilibe malo m'kati. Anakankhiramo nthanga ziwiri, yachitatu inalowera kwina, ndipo panafunika alonda awiri owamenya kumsana kuti ibwerere. Pofika madzulo chimanga chinali chitapita m'makomo mwa anthu, nduna zitalandira kambale kamodzikamodzi, mogwirizana ndi sayansi. Mfumu, imene inkadziwa kununkhiza kumene mphepo ikulowera, inalengeza kuti zonsezi inazikonza yokha kuyambira pachiyambi. Inathetsa lamulo la kachingwe, inabweza moni wakale, ndipo inalola kuti liwu lija lizitchulidwa, bola ponena za chaka chatha. Lufeyo anapatsidwa udindo wa Mlangizi Wamkulu wa Zamasaya, udindo umene ubwino wake unali woti palibe ankabwera kudzafuna malangizo.

Patapita masabata angapo, mvula itayamba kugwa yeniyeni, Lufeyo anapita kukacheza kwa achemwali ake. Ali kutali anamva mwana akulira mokweza, kulira kwa munthu wamphamvu amene walandidwa chidole, ndipo mtima wake unakhala pansi. Pakhonde anapeza thumba la chimanga, koma linali lopepuka kuposa momwe ankayembekezera. Atakhala pampando anamva kuti ukumubaya, ndipo atatukula kansalu anapeza chimanga. Anafuna kumwa madzi, mumtsuko munali chimanga. Anakweza maso kudenga, ndipo pamitengo yonse panali timafukusi tomangidwa ndi luzi. Ngakhale sutikesi yake yakale, imene anapita nayo ku Kozizira, inali pansi pa bedi itafufuma ngati ili ndi pakati.

A Nangozo anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula lichero. Thupi linali litayamba kubwerera, koma tsaya lakumanzere linali lotupa.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

Anatembenukira kumbali, n'kulavulira m'dzanja. Sizinali nthanga za malambe ayi. Anali maso a chimanga chokazinga, ndipo m'malo mowataya kapena kuwatafuna, anawamanga pamfundo ya chitenje.

"Tadzuka. Wamumva mdzukulu wako? Akutisowetsa mtendere, Mulungu alemekezeke."

"Ndamumva," anatero Lufeyo. Anayesa kuseka, koma kuseka kunakana. "Achemwali, lamulo lija linatha. Kachingwe anakawotcha. Chimanga chilipo, china chili m'munda, ndipo akuti magalimoto enanso akubwera. Mukusungiranji m'kamwa?"

A Nangozo anayang'ana mfundo ya chitenje chawo ngati akuiona koyamba. Manyazi anawagwira pang'ono, chinthu chimene Lufeyo anali asanachionepo pankhope imeneyo.

"Sindidziwa n'komwe kuti ndaikamo," anatero motsitsa. "Ndimangozindikira muli kale." Anakhala pamkeka, n'kuyamba kupeta. "Nanga mnzanga Wamba ali bwanji? Anasiya?"

"Anasiya. Anatuta masiku angapo, kenaka ataona kuti mbale sikuchokanso, anayamba kugona ngati Nduna."

"Ameneyo zake zinayenda," anatero a Nangozo, mankhusu akuuluka. "Amene anamuchotsera mbale ndi munthu mmodzi, ndipo anapepesa. Ifeyo amene anatichotsera mbale akadali pomwepo, ndi mendulo yawo."

Lufeyo anapisa dzanja m'thumba la khoti lake loyera kuti atulutse mpango, ndipo zala zake zinakhudza tinthu tambirimbiri tolimba. Anatulutsa dzanjalo lili lodzaza ndi mpendadzuwa wa tinyama take, umene sankakumbukira kuti anautapa liti. Achemwali ake anauyang'ana, n'kumuyang'ana iye, ndipo sanamuseke.

"Bweretsa kuno," anatero, akusendeza lichero. "Mumtsuko wachiwiri muja mukadali malo."